Skimmer ya paipi ya mamilimita 110: mmene ntchito ikuyendera pa thanki ya madzi amchere ku Mangochi

Kumapeto kwa Julayi

Thanki ya malita 300 yakhala pa sitandi yake, sump ya malita 80, thanki yaing'ono yokhalamo zipangizo zosefera madzi, yalowa pansi, ndipo mapaipi olumikiza ziwirizi sakudontha. Chatsala ndi skimmer, chipangizo chochotsa litsiro m'madzi, ndipo ndatsimikiza mtima kuti ndipanga ndekha. Yogula iyenera kuchokera ku Johannesburg, ndiye ikamafika kuno mtengo umakhala utabereka ana: ya basi, ya msonkho, ya wokubweretserani. Komabe chimene chandikankha kwambiri si ndalama. Chipangizo chakunja chikathyoka kanthu kamodzi mumadikira miyezi, pamene cha mapaipi a pa hadiweya mumangokwera kabaza kupita m'tauni, pofika madzulo chayambanso kugwira ntchito.

Ambirife kuno tinayamba ndi mbuna, ndipo woweta mbuna skimmer alibe nayo ntchito, choncho ndifotokoze kaye. Nsomba zikadya n'kuchita chimbudzi, makorali, tizamoyo ta m'nyanja yamchere tooneka ngati miyala kapena zomera, akatulutsa zoterera zawo, m'madzi mumatsala litsiro losungunuka lomwe siponji singagwire. Likasiyidwa, mabakiteriya amalisandutsa ammonia, kenako nitrite, kenako nitrate, phosphate nayenso n'kumachuluka. Ndere zimasangalala, makorali n'kumafooka. Tizidutswa tambiri ta litsiroli tili ndi mbali ziwiri, ina yokonda madzi, ina yowathawa. Tikakumana ndi kathovu ka mpweya timamatirira pakhungu pake, mbali yothawa madzi ija italoza mkati. Skimmer ndi paipi yoimirira momwe timapoperamo timathovu tosawerengeka. Timakwera titasenza litsiro, pamwamba n'kuunjikana kukhala thovu lolimba, lomwe limakankhidwa kudzera m'khosi mpaka kugwera m'chikho. Amene anaphikapo nyama ya ng'ombe n'kumayengula thovu lakuda lija ndi chipande, ntchitoyi anaiona kale. Litsiro limachoka m'madzi lisanawole.

Chimene chimalepheretsa pa mbuna ndi madzi enieniwo. M'madzi a nyanja yathuyi timathovu tiwiri tikagundana timaphatikana pomwepo kukhala thovu limodzi lalikulu, lomwe limathamangira pamwamba n'kuphulika. Mchere umaletsa kuphatikanako. M'madzi okhala ndi magalamu 35 a mchere pa lita, ngati a ku Nacala kapena ku Pemba, timathovu timakhalabe ting'onoting'ono mpaka madzi kuchita kuyera mbuu. Ndipo nkhani yonse yagona pa kukula kwa kathovu. Lita imodzi ya mpweya ikagawika m'timathovu ta mamilimita 5, khungu lake lonse limakwana masikweya mita 1.2. Ikagawika m'ta milimita imodzi limakwana 6, m'ta theka la milimita limakwana 12. Mpweya ndi womwewo, koma malo omatirirapo litsiro achuluka kakhumi.

Thankiyi ndikufuna iyende m'njira imene aweti amaitcha ya Berlin, yomwe inatchuka ku Germany m'zaka za m'ma 1970: miyala yambiri yokhalamo mabakiteriya, kuwala kwamphamvu, madzi oyenda bwino, ndi skimmer. Palibe sefa ina yaikulu.

Mitundu ya skimmer ilipo ingapo, ndipo ina ndaitaya msanga. Ya kamtengo kotulutsa timathovu imafuna kusintha kamtengoko pafupipafupi, ndipo kuno sikapezeka. Ya Beckett ndi ya downdraft zimafuna pampu yaikulu, kutanthauza magetsi ambiri ndi kutentha kwambiri, zinthu ziwiri zimene munthu wa ku Mangochi sazifunafuna dala. Ndatsala ndi ya needle wheel, momwe pampu imayamwa madzi ndi mpweya pamodzi, impela yake, kagudumu kozungulira ka mkati mwa pampu, n'kuuwaza mpweyawo.

Ogasiti, kumayambiriro

Zipangizo zagulidwa. Thupi ndi paipi ya PVC ya mamilimita 110, ija ya suweji, yodulidwa masentimita 45. Pamwamba pakhala reducer ya 110 kupita ku 50, yomwe ikugwira ntchito yosonkhanitsa thovu. Khosi lokha ndilo lochokera kunja, kapaipi ka acrylic koonekera mkati ka mamilimita 50, komwe kabwera pamodzi ndi mchere. Sindinalimate ndi guluu. Likungolowa mothina m'mphira wa fitting ya sinki, kuti ndizilizula potsuka. Chikho ndi kontena yapulasitiki yosungiramo shuga, yoboola pansi. Madzi otuluka adzera m'paipi ya 40.

Bambo a pa hadiweya, nditawajambulira papepala, anafunsa kuti, "Achimwene, ndiye kuti mukumanga chimbudzi cha nsomba?" Sindinawatsutse, chifukwa ndi chomwecho ndithu. Tinasiyana maganizo pa gate valve, yosinthira msinkhu wa madzi mu skimmer. Iwo ankandikakamiza ya brass, ati yapulasitiki sichedwa kuthyoka, ndipo pa mpopi wa panyumba akunena zoona. Koma brass ili ndi mkuwa, mchere umaudya, ndipo mkuwa ngakhale wochepa kwambiri umapha makorali, nkhono ndi shrimp. M'madzi amenewa simulowa chitsulo chilichonse, ngakhale sikulu. Zomangira zonse ndi za nayiloni kapena ma cable tie. Gate valve yapulasitiki sinapezeke m'tauni muno, yachokera ku Blantyre. Ball valve ilipo paliponse, koma mukaisuntha pang'ono madzi amalumpha kwambiri, pamene msinkhu wa madzi m'khosi umafuna kusinthidwa ndi mamilimita.

Masamu ake ndi awa. Mkati mwa thupi mumalowa pafupifupi malita 3.8. Ngati pampu ikudutsitsa malita 600 a madzi pa ola, madzi amakhala mkatimo masekondi 23 asanatuluke, ndipo madzi onse a m'thanki amadutsamo pafupifupi kawiri pa ola. Kwa thanki imene idzakhale ndi nsomba zochepa, zakwanira.

Ogasiti, pakati

Masiku ano ndakhala ndikulimbana ndi pampu. Ndi ya mawati 25, yolembedwa malita 2,000 pa ola, yomwe poyamba inali ya kasupe wa m'munda. Pakamwa pake ndaikapo kapaipi kopanikiza njira ya madzi kufika pa mamilimita 12, ndipo pamalo opanikizikawo ndaboola n'kulowetsa kachubu ka mpweya ka mamilimita 6. Madzi akamathamanga pamalo opapatiza mphamvu yake yokankha m'mbali imatsika, ndiye mpweya umayamwika wokha. Zimenezi anazilemba ndi Giovanni Battista Venturi wa ku Italy mu 1797, ndipo n'chifukwa chake kachipangizoka kamatchedwa ndi dzina lake.

Mchere wa thanki ndi wodula, sindingauwonongere kuyesa. Ndinatenga diramu lapulasitiki, malita 60 a madzi, ndi makilogalamu awiri a mchere wamibulu wa pamsika. Mchere umenewu sungasunge korali, chifukwa mulibe magnesium, calcium ndi carbonate zokwanira, koma pa nkhani ya timathovu umachita chimodzimodzi. Ndinayamba ndayatsa pampu m'madzi opanda mchere kuti mphwanga aone kusiyana. Ankatuluka mathovu akuluakulu, madzi akuoneka mpaka pansi. Titathira mchere n'kutakasa, diramu lonse linasanduka loyera, dzanja osaoneka likalowa kufika pachigongono. Mnyamatayo anangoti, "Amalume, mwathiramo sopo?"

Poyeza mpweya ndagwiritsa ntchito jumbo yopanda chibowo yomwe imalowa malita 5 a madzi. Ndimaifufumitsa, kuimangirira kukamwa kwa kachubu, n'kuwerenga nthawi mpaka itaphwa. Ndi impela yake yoyambirira, ya mapiko, inkatenga mphindi ziwiri ndi theka, omwe ndi malita 120 pa ola, ndipo timathovu tinali tosakanikirana, tina tatikulu ngati mmene tinalowera. Mapiko amakankha madzi, sawaza mpweya.

Njira yoyamba yosinthira impela ndi yodula mapiko n'kumangirirapo ukonde wapulasitiki wokhuthala. Anzathu akunja amagwiritsa ntchito Enkamat, ine ndinadula chokwechera mapoto chapulasitiki. Mpweya unakwera mpaka malita 400 pa ola, timathovu tosalala bwino. Koma nditazimitsa ndi kuyatsanso mobwerezabwereza, nthawi zina pampu inkangong'ung'udza osazungulira mpaka nditaigogoda. Ukonde ukanyowa umalemera, ndipo timapampu timeneti tilibe mphamvu yambiri poyambira. Kumene magetsi amakhala chaka osazima munthu akhoza kupirira nazo. Kuno pampu yosadzuka yokha ndi yopanda ntchito, chifukwa magetsi amabwera muli ku msika kapena muli m'tulo, ndipo pampu yoima ikulandira magetsi imatentha.

Njira yachiwiri ndiyo yakhala. Ndinadula bio-ball yakale ya m'sefa ya mbuna, ija ya timinga tambiri, n'kutenga chigawo chimodzi chozungulira, kuchipala ndi tupa mpaka chitalowa m'nyumba ya impela osakhudza m'mbali, n'kuchimata pa shaft ndi epoxy. Chovuta ndi kuchikhazika pakati penipeni. Chikapendekeka pang'ono pampu imanjenjemera n'kumalira, ndipo shaft ya ceramic sichedwa kuthyoka. Ndinachizungulitsa pa dirilo, pensulo ili chiimire pambali, kuti ndione mbali yotuluka, n'kumapala mpaka mzere wa pensulo utazungulira monse. Jumbo tsopano ikuphwa pa mphindi imodzi, malita 300 pa ola. Ndi ochepa poyerekeza ndi a ukonde, koma imadzuka nthawi iliyonse. Malita 100 amenewo ndawasiya dala.

Kuti ndione ngati khosi likukweza thovu, ndinathira m'diramu kadontho ka choyera cha dzira. Pasanathe mphindi thovu linadzaza chikho n'kukankha chivindikiro. Kenako ndinafinyiramo usipa wauwisi pang'ono, thovu lonse linagwa nthawi yomweyo, ndipo linatenga nthawi yaitali kuti lidzukenso. Mafuta ndi mdani wa thovu. Izi zidzachitikanso nthawi iliyonse yodyetsa nsomba kapena kulowetsa dzanja lodzola m'thanki, ndipo si chifukwa chothamangira kukasuntha valve.

Ogasiti, kumapeto

Madzi ochokera m'pampu ankalowa mwaukali n'kumazunguza thupi lonse, timathovu tina n'kumathawira m'paipi yotulukira. Ndadula kabwalo m'thabwa lapulasitiki lodulirapo anyezi, ndaboola mabowo a mamilimita 5 mothithikana, n'kukakhazika masentimita 10 kuchokera pansi, pamwamba pa polowera madzi. Tsopano thovu likukwera mwaulemu. Polowera paipi yotulukira ndapatembenuza kuti paloze pansi.

Seputembala, kumayambiriro

Thanki yadzazidwa. Madzi ndi a RO, osefedwa ndi makina ochotsa mchere ndi zina zosungunuka, osati a pampopi mwachindunji, ngakhale a m'nyanja. Madzi a nyanja yathu ndi abwino kwa chambo ndi mbuna, koma ali ndi silicate ndi zina zomwe zimadyetsa ndere, ndipo popeza mchere ndi zinthuzi sizituluka ndi nthunzi, chilichonse chimene mwathira chimangounjikana. Makina a RO amataya malita atatu kapena anayi pa lita iliyonse yabwino, ndiye paipi yotayayo ndailozetsa ku nthochi. Mchere walowa pafupifupi makilogalamu 12, refractometer, kachipangizo koyezera mchere m'madzi, ikuwerenga 1.026.

Skimmer yakhala m'chipinda choyamba cha sump, m'madzi akuya masentimita 18. Chipinda chimenechi chili ndi galasi lotchinga, kotero kuti madzi amasefukira pamwamba pake kupita kwina ndipo msinkhu wake susintha. Ichi ndicho chinthu chimene ndingauze aliyense kuti asachinyalanyaze. Skimmer yamtunduwu imamva kusintha kwa sentimita imodzi ya madzi oizungulira. Akakwera pampu imakankha madzi ambiri, chikho n'kusefukira. Akatsika thovu silifika n'komwe pakhosi.

Pakadali pano ikuchita misala yake ya chinthu chatsopano. Lero ilibe thovu, mawa ikulavula madzi oyera. Pulasitiki yatsopano imakhala ndi mafuta a kufakitale, kuphatikizapo otsalira a guluu ndi a m'manja, ndipo mpaka mkati mutamera kakhungu koterera ka mabakiteriya, sikhazikika. Zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Valve ndaitsegula yonse, kachubu kotayira ka pachikho ndakabwezera m'sump, ndipo ndikudziletsa kuigwiragwira.

Seputembala, kumapeto

Thovu lakhazikika, m'chikho mwayamba kugwa madzi abulauni onunkha. Koma tsopano yatuluka nkhani imene mabuku a anzathu a kumaiko ozizira amangoidutsa, pamene kuno ndi yaikulu kuposa impela.

Skimmer imayamwa malita 300 a mpweya pa ola, malita 7,200 pa tsiku, n'kuwasakaniza ndi madzi mwa njira yabwino koposa imene ilipo. Chilichonse chimene chili mumpweya wa m'nyumba chimathera m'thanki. Ndiye taganizani za mpweya wa m'nyumba ya ku Mangochi madzulo. Mbaula yabwera pakhonde kapena yalowa m'khitchini. Mawindo atsekedwa dzuwa lisanalowe chifukwa cha udzudzu. Wina wayatsa koyilo, wina wapopera mankhwala kuchipinda. Ndinaona koyamba tsiku lina mayi a kunyumba akukazinga chambo: utsi wa mafuta utangofika pabalaza, thovu m'khosi linatsika n'kuzimiririka, ndipo linabwerera titatha kudya. Limenelo ndi vuto laling'ono. Lalikulu ndi mankhwala. Makoyilo ndi mankhwala ambiri opopera ali ndi pyrethroid, yomwe imapha nsomba ndi shrimp pamlingo wochepa kwambiri.

Apa sindikufuna kumveka molakwika. Malungo kuno ndi enieni, ndipo sindingauze banja langa kuti lileke kudziteteza chifukwa cha nsomba za m'galasi. Opopera mankhwala m'makoma akabwera, khomo litseguka. Chofunika n'chakuti thanki ndiyo ipeze mpweya wake kwina.

Ndaboola khoma kuseri kwa sitandi n'kudutsitsa conduit ya mamilimita 20, ija ya mawaya a magetsi, mpaka panja, mbali ya nyumba yomwe ilibe khitchini. Kachubu ka mamilimita 6 kakanapanikiza mpweya pa mtunda wotere, n'chifukwa chake ndasankha yotakata, ndipo kachubu kakang'onoko kangotsala ka masentimita ochepa pafupi ndi pampu. Kunja kamwa yake yaloza pansi kuti mvula isalowe, ndipo yakutidwa ndi kachidutswa ka neti, chifukwa mavu omanga ndi dothi sasiya bowo lililonse lopanda mwini. Pakati ndaikapo botolo lokhala ndi thonje la sefa ndi activated carbon, makala apadera oyamwa litsiro, logwira fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire umene wachuluka nyengo ino. Botolo lomwelo lathetsanso phokoso la kufyonthera lomwe linkasokoneza wailesi. Ndayezanso ndi jumbo, mpweya watsika pang'ono chabe.

Phindu lina labwera pa pH, muyezo wa asidi m'madzi. Mpweya wa panja uli ndi carbon dioxide pafupifupi 420 ppm, magawo 420 pa miliyoni, koma m'nyumba yotseka momwe muli anthu ndi makala oyaka imatha kupyola 1,000. Carbon dioxide ikasungunuka m'madzi imatsitsa pH, ndipo makorali omanga mafupa amavutika pH ikakhala pansi. M'mawa ndinkapeza 7.8 kapena 7.9. Chiyambireni kupuma mpweya wa panja ikukhala pakati pa 8.0 ndi 8.2, popanda kuthira mankhwala aliwonse. Tsiku lopopera, pamwamba pa thanki ndi pa sump padzakutidwa ndi pulasitiki, mafani azimitsidwe, skimmer yokha izipumira panja.

Okutobala

Kwatentha. Masana panja pakupyola madigiri 35, malata akuthetheka, ndipo madzi a m'thanki anafika pa 30. Makorali amafuna pakati pa 24 ndi 27, ndipo akakhala nthawi yaitali cha m'ma 30 amataya ndere zazing'ono zokhala m'thupi mwawo n'kuyera. Mwayi wake mulibe chamoyo china kupatula mabakiteriya ndi nkhono zochepa. Chiller ndi firiji ina yapadera, ndipo thumba langa silinafike pamenepo, ndiye ndaika mafani awiri a kompyuta akuuzira pamwamba pa sump ndi ina pamwamba pa thanki. Lita imodzi ikauma imachotsa kutentha kokwanira kutsitsa madzi onsewa ndi digiri imodzi ndi theka. Tsopano masana ikufika pa 27.5, koma ikumwa malita 5 kapena 6 pa tsiku.

Madzi akauma mchere umatsala, choncho obwezeretsa ayenera kukhala a RO opanda mchere, ndipo azilowa pang'onopang'ono. Chigubu cha malita 20 chakhala pashelefu, kachubu kake kakutsikira ku float valve yapulasitiki, ija yotseka yokha madzi akafika pamsinkhu wake, m'chipinda chomaliza cha sump. Sichifuna magetsi. Ndasankha chigubu chaching'ono dala, kuti tsiku limene float valve idzakanirire, madzi onse atalowa asasukulutse mchere kufika popha zinthu. Apa ndi pamene galasi lotchinga lija laonetsa ntchito yake, chifukwa kuuma konseku kukuonekera m'chipinda chomaliza chokha, skimmer osamva kanthu.

Kuzima kwa magetsi ndiko kunali ndi msampha wina. Pampu yokweza madzi ikaima, madzi a m'thanki amatsikira m'sump mpaka atafika pamlomo wa overflow, posefukira madzi opita ku sump. Thanki yanga ndi ya masentimita 120 m'litali ndi 50 m'lifupi, ndiye masentimita awiri okha ndi malita 12, omwe amakweza madzi a m'sump ndi masentimita oposa 4, kumiza galasi lotchinga. Magetsi akabwera, mapampu onse amadzuka limodzi, skimmer n'kupezeka ili m'madzi akuya kuposa amene inazolowera. Pa masekondi ochepa chikho chimadzaza, litsiro lonse limene yatolera masiku angapo n'kubwerera m'madzi.

Yankho anandipatsa ndi achimwene ena okonza mafiriji, omwe nsomba za m'galasi sazidziwa n'komwe. Nditawafotokozera anangoti, "Bwana, ikani pa fridge guard basi." Zoonadi, fridge guard imadikira mphindi zingapo magetsi akabwera isanalole kuti adutse. Skimmer yokha ndiyo ili pamenepo. Pampu yokweza madzi imadzuka kaye, sump imabwerera pamsinkhu wake pasanathe mphindi ziwiri, kenako skimmer n'kuyamba. Ndayesa pozimitsa pa main switch, ikuyenda bwino, ndipo ikutetezanso pampu magetsi akabwera mwamphamvu. Kachubu kotayira ka pachikho tsopano kakupita m'botolo la malita awiri lomwe laima m'sump momwemo, kuti likasefukira madzi asathere pansi.

Pa batire sindinaikepo skimmer. Magetsi akazima chimene chimapha msanga ndi kusowa kwa oxygen, ndipo madzi amchere otentha amasunga wochepa: pa madigiri 25 madzi opanda mchere amasunga pafupifupi mamiligalamu 8.2 pa lita, amchere 6.7, ndipo pa madigiri 30 amchere amatsika kufika cha pa 6.2. Skimmer imathandiza kwambiri kulowetsa oxygen, koma madzi ake amathera m'sump ngati pampu yokweza yaima. Batire ndalipatsa wavemaker, pampu yaing'ono yotakasa madzi, ya mawati ochepa, yoloza pamwamba pa madzi a m'thanki, ndi fani imodzi. Litsiro likhoza kudikira maola angapo.

Okutobala, kumapeto

Thovu linayamba kuchepa popanda chifukwa chooneka, jumbo n'kumatenga mphindi imodzi ndi theka. Pamene kachubu ka mpweya kamakumana ndi madzi panali patamera mchere wouma wosakanikirana ndi laimu, bowo litatsala theka. Tsopano Loweruka lililonse ndimalola kachubuko kuyamwa kapu ya madzi ofunda a RO, ndipo kamodzi pamwezi pampu yonse imagona mu viniga. Khosi ndimalipukuta kawiri pa sabata. Likachita matope thovu limakakamira m'mbali n'kusweka lisanafike pamwamba, ndipo apa ndi pamene ndikuyamikira kuti silinamatidwe.

Novembala

Nsomba zoyamba zalowa, ma clownfish awiri obadwira m'thanki, pamodzi ndi makorali ofewa, zoanthid ndi Sarcophyton kamodzi. Zamoyo zochokera kunja zimafuna chilolezo cha ku Dipatimenti ya Zausodzi, ndipo makorali olimba ali pa Appendix II ya CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa, kutanthauza mapepala enanso. Amenewo ndi a mtsogolo. Anthu ena akhala akundiuza kuti ndingodutsa pa Chiponde, ndikatole miyala ndi makorali kugombe la Mozambique. Sindichita. Kupatula kuti ndi mlandu, ife a kuno tikudziwa mmene zimapwetekera kuona anthu akukokolola za m'nyanja mwathu.

Chiyambireni kudyetsa, chikho chikutolera pafupifupi theka la kapu pa masiku awiri. Msinkhu wa madzi ndauika pamene reducer ikuthera, m'munsi pang'ono mwa khosi, kuti thovu lizituluka louma ndi lakuda. Ndikaukweza limatuluka lamadzimadzi, lambiri, ndipo ena amakonda choncho poti limachotsa litsiro lochulukirapo. Koma chilichonse chotuluka m'chikho ndi madzi amchere, ndipo float valve imabwezeretsa opanda mchere. Pakapita milungu refractometer imatsika mwakachetechete. Kwa munthu amene mchere wake umakwera basi kuchokera ku Johannesburg, thovu louma ndilo lanzeru.

Mnzanga wina woweta mbuna za kumalo ogona alendo ku Monkey Bay anabwera kudzaona, n'kufunsa ngati paipi ya suwejiyi ingafanane ndi zija za m'makatalogi. Pa kukongola singafanane. Pa ntchito, kusiyana n'kochepa kuposa mmene ogulitsa amanenera. Ken Feldman, katswiri wa chemistry wa ku Pennsylvania State University, ndi anzake anayeza ma skimmer osiyanasiyana cha m'ma 2009 ndi 2010, ndipo anapeza kuti onse ankachotsa gawo lochepa chabe la litsiro losungunuka, pafupifupi 20 mpaka 35 peresenti, mosatengera kwenikweni mtundu kapena mtengo. Lotsalalo silimatirira pa thovu, ngakhale mutawonjezera mpweya chotani. Activated carbon ndiyo inkachotsa lochuluka. Choncho m'malo mothamangitsa malita ena a mpweya, ndaika kathumba ka carbon pamene madzi a skimmer amatulukira, ndipo ndikusintha malita 30 a madzi pa milungu iwiri iliyonse. Nitrate ili pansi pa 5 ppm.

Zimene sizinakhale bwino ndi ziwiri. Timathovu tina tikuthawabe kudzera m'paipi yotulukira mpaka kukaoneka m'thanki, makamaka ndikangosintha madzi, ndiye pakufunika galasi lina lotchinga m'sump. Ndipo kontena ya shuga ija yayamba kung'aluka pamene ndinaboola, chifukwa pulasitiki yake ndi yopyapyala ndipo imazulidwa kawirikawiri. Ndapeza nyumba ya sefa ya madzi yoonekera mkati, ija ya mainchesi 10, yokhuthala bwino. Ndiidula pakati ikhale chikho chatsopano. Mvula ikayamba ndiyang'anenso conduit ya panja, chifukwa chinyontho chikalowa m'botolo la carbon chimaitseka, ndipo mpweya wachinyontho udzachepetsa mphamvu ya mafani poziziritsa madzi. Ngati thanki idzapyola madigiri 28 m'Disembala, nyale zidzayamba kuyaka usiku m'malo mwa masana.